A Gaudencio Wakit ndi Mpweya Wofunda wa mu Kamba

Malemu bambo athu, a Gaudencio Wakit, amene ambiri mwa inu munkawaitana kuti a Dencio, anabadwa pa 14 Febuluwale 1952 konkuno ku Paoay, ku Atok. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine ndikuwerengane ndine Lorvina, mwana wawo womaliza. Achimwene anga aakulu, a Manong Fermin, anawerenga tsamba loyamba lokha n'kuvomereza. Masamba enawa awamva limodzi ndi inu.

Malemu anayamba sukulu ku Sayangan mu 1959 ndipo analekezera kalasi lachisanu ndi chimodzi, poti kumunda wa kabichi kunkafunika manja. Mu 1972 anatenga chiphaso choyendetsera galimoto. Kuyambira chaka chimenecho mpaka mu 2010 anayendetsa lole yonyamula kabichi, karoti ndi mbatatesi kupita ku La Trinidad, zaka 38 osagwetsapo ngakhale thumba limodzi kuphedi. Amene munakwerapo nawo mukukumbukira kuti m'thumba la jekete lawo simunkasowa mbatatesi ndi kampeni. Galasi lakutsogolo likachita nthunzi, ankadula mbatatesi pakati, kupaka m'kati mwa galasilo, zenera n'kulitsitsa pang'ono. Wina akadandaula mphepo ankangoti, "Vala chipewa, m'bale wanga. Kuzizira sikunaphepo munthu wa ku Atok."

Pa 8 Meyi 1976 anamanga banja ndi mayi athu, a Herminia Bastian a ku Buguias. Mulungu anawapatsa ana anayi: a Manong Fermin, a Manang Ofelia, a Manong Rodel, ndi ine. Anatiphunzitsa tonse mpaka sekondale. Anali munthu wa mpingo, komanso sanataye mwambo wa makolo. Mayi anatisiya pa 3 Okutobala 2015, ndipo chaka chonse chotsatira bambo ankangokhala pakhonde kuyang'ana nkhungu.

Mu Novembala 2016 anabwera ndi chinthu pamwamba pa lole ya mnzawo: kagalimoto ka 1967, kamsana wokhota, injini kumbuyo. Anakapeza kuseri kwa nyumba ina ku Baguio, nkhuku zikuikiramo mazira. Anakatcha Kamba. Zaka zisanu ndi chimodzi anakakonza pamodzi ndi mnzawo wapamtima, makaniko wathu, a Ninong Bestre, amene anandinyamula ine pa ubatizo ndipo akhala apo kutsogolo. Mu Disembala 2022 Kamba analira, ali wobiriwira ngati tsamba la kabichi. Tsiku limenelo ndinaona bambo akuseka mpaka misozi koyamba chimwalirireni mayi.

Chinatsala n'chimodzi: Kamba analibe chofunditsa m'kati. M'mawa galasi linkachita nthunzi, ndipo malemu anabwerera ku mbatatesi yawo ndi zenera lotsegula. Apa ndiyenera kunena mbali yanga, kuti pasapezeke wonena kuti ndikuloza ena chala changa chili choyera. Mwana wanga Tinay, wa zaka zinayi, ali ndi chifuwa chosachedwa kutsekeka. Ndine ndinawauza kuti, "Bambo, zenera likakhala lotsegula chonchi, Tinay sakweranso." Mawa lake anayamba kulemba kuseri kwa kalendala njira zofunditsira galimoto.

Analemba zitatu. Yoyamba inali kachipangizo kamagetsi kouzira mpweya wotentha pagalasi. Anakayesa, koma batire la Kamba ndi lofooka. Nyale zakutsogolo zinazilala ngati kandulo. Yachiwiri inali chotenthetsera choyaka ndi petulo. Anaikana okha: "Moto pambali pa thanki, mdzukulu wanga ali m'kati? Ayi." Yachitatu inali njira imene galimotoyo inabadwa nayo. Pansi pa injini pali timabokosi tiwiri tachitsulo tokuta mapaipi a utsi. Mpweya wabwino umadutsa m'timabokosimo, kutenthedwa ndi paipi, n'kupita kumapazi ndi kugalasi. Chimene chimalekanitsa utsi ndi mpweya umene munthu akupuma ndi chitsulo cha paipiyo basi. Timabokosi ta Kamba tinali titadyeka ndi dzimbiri, ndipo tatsopano tinkafunika kudikira miyezi inayi kuti tifike kuchokera kunja.

Ndinalipo, ndikuyanika zovala, pamene a Ninong Bestre anati, "Pare, mnzanga, miyezi inayi? Chisanu chidzakhala chitapita, iwe ukadali kupaka mbatatesi ngati ukuphika galasi. Ndipatse Loweruka limodzi, ndiwotcherera takaleti." Bambo anati, "Ukabowola ndikakumangirira kumbuyo kwa Kamba mpaka ku Baguio." Anaseka onse awiri. Pa 18 Novembala 2023 mpweya wofunda unatuluka, galasi linayera, mazenera anatsekedwa.

Pa 25 Novembala malemu anabwera kuchokera ku La Trinidad mutu ukuwawa, nagona masana, chinthu chimene sanachitepo. Pa 2 Disembala anatenga Tinay kupita kwa azakhali ku Buguias. Mwanayo anasanza m'njira, kenako anagona tulo toti ndinachita kumugwedeza ndi kumupaka madzi kumaso kuti adzuke. A Manong Fermin anati, "Msewu uwu ndani sanasanzepo? Iweyo unandisanzira m'khosi uli ndi zaka zisanu, mpaka lero sunapepese." Ndinaseka nawo, koma Tinay sindinamukwezenso.

Mutu utapitirira, pa 10 Disembala tinaitana mkulu wopereka nsembe. Anayang'ana ndulu ya nkhuku nanena kuti malemu mayi athu akupempha bulangete. Tinachita zonse monga mwa mwambo, ndipo bambo anasunga ngilin, masiku atatu osachoka pakhomo. Mutu unaleka. Tonse tinathokoza. Tsiku lachinayi anayendetsa Kamba, madzulo mutu unabwerera. Pa 3 Januwale tinapha nkhumba, anakhala pakhomo sabata yathunthu, anachira mpaka kulima mizere iwiri ya karoti. Akuluakulu anga, sindikunyoza mwambo. N'kutheka kuti mayi analifunadi bulangetelo. Anali munthu womva kuzizira. Koma ine ndinkachonga pa kalendala yomwe ija. Tsiku lililonse limene Kamba anagona m'shedi, bambo anali bwino. Tsiku lililonse limene anatuluka, mutu. Kalendalayo ndili nayo m'chikwamamu, aliyense angathe kuiona.

Pa 14 Januwale ndinawaonetsa. Anati, "Iwe Vina, umakayikira ngakhale madzi amene wawiritsa wekha. Chabwino, ndizitsitsa zenera." Ndinapitanso kwa a Ninong. Analiza injini, anandilowetsa m'kati, nati, "Mwanawe, ndinayamba kuwotcherera iwe usanabadwe. Nunkhiza. Ukumva utsi?" Sindinamve kanthu. Ndinapepesa n'kubwerera kwathu ndi manyazi. Ine si makaniko, ndinalekezera sekondale, koma sabata ino ndakumbukira zimene anatiphunzitsa za mbaula ya makala m'chipinda chotseka: mpweya umene umapha sununkha.

Lolemba pa 22 Januwale 2024, chisanu chitayeretsa minda yonse, malemu ananyamuka cha m'ma 6 koloko m'mawa kukatenga mbewu ya mbatatesi. Pakhona ina miyala inali itagumukira mumsewu, ndipo magalimoto anaima pamzere pafupifupi maola awiri. Msewu utatsegulidwa, Kamba sanasunthe. A Pilo Lagman, dalaivala wa lole imene inali kumbuyo kwawo, analiza hutala katatu, kenako anatsika. Anawapeza atatsamira, manja ali pamwendo, injini ikulira, mazenera onse otseka. A Pilo anandiuza chinthu chimene sichikuchoka m'mutu mwanga: magalimoto onse pamzerepo magalasi anali atachita nthunzi, koma la Kamba lokha linali loyera ngati madzi.

Kuchipatala analemba kuti ndi mtima, ndipo n'zoona kuti ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Banja linagwirizana kuti thupi lisang'ambidwe, inenso ndinavomera. Ambiri mwa inu mwandiuza kuti, "Apita bwino, taonani nkhope yofiirira ngati angosamba kumene." Ndayamika mawu anuwo. Koma nkhope imeneyo ndi imene ikundilanda mtendere, poti akuti mpweya wosanunkha uja umafiiritsa khungu. Anatisiya ali ndi zaka 71.

Tsiku lomwelo Kamba atamukokera kuno, ndinagwada pansi n'kujambula ndi foni timabokosi tija. Pamsoko wa kabokosi kakumanzere panali mzere wa mwaye wakuda. Kenako ndinatenga kanyenyezi komata ka Tinay n'kukamata pakamwa pa chitseko cha injini, mmunsi, pamene munthu sangaone ataimirira, kuti wina akatsegula ndidziwe. Lachitatu masana, nonse muli kuseri kulandira nyama, ndinakapeza kanyenyeziko katang'ambika pakati. Mwaye uja unali utapukutidwa. Sindinaone munthu, choncho sinditchula dzina. Mwina ndi wina amene anafuna kuti galimoto ioneke yaukhondo pa tsiku la lero. Mwina ndi wina amene mtima ukumuwawa kuposa wanga. A Ninong, ndikakuyang'anani musaganize kuti ndaiwala zaka zisanu ndi chimodzi zimene munabwezera bambo anga kuseka. Sindinaiwale. Koma chithunzi chili m'foni, ndipo ndachitumiza kale kwa a Manang Ofelia ndi kwa amuna anga.

Malemu ankanena kawirikawiri kuti, "Tsiku langa, adzukulu anga adzandiperekeze ali mu Kamba." A Manong Fermin akonza kuti tikachoka pano, ana asanu, Tinay ali m'gulumo, akwere galimotoyo kutsogolo kwa bokosi mpaka kumanda a banja kumtunda kwa munda. Ndinawapempha Lachinayi kuti tisinthe. Anati, "Ading, mlongo wanga, usatichititse manyazi pamaso pa anthu. Ndi mtunda waufupi." Ndi waufupi, inde, koma tiyenda pang'onopang'ono ngati maliro, kunja kukuzizira chonchi, ndipo mwana woyamba kunena kuti "ndazizidwa" adzamutsekera zenera. Ndikudziwa, chifukwa ndine ndinayambitsa zimenezo.

Choncho ndikudziwitseni, a Manong, kuti kiyi imene mwakhala mukuifuna m'mawa wonse sinatayike. Pamene tinkatsanzika thupi bokosi lisanakhomedwe, ndinaiika m'thumba la jekete la bambo, pamodzi ndi mbatatesi imodzi ndi kampeni kawo. Ndikudziwa kuti alipo pano amene angalize Kamba popanda kiyi. Akafuna kutero atero masana ano, nonse mukuona. Chifuniro cha malemu sindikuchiphwanya. Ana akwera, mazenera ali otsegula, injini ili chete, a Manong Fermin atagwira chiwongolero. Kamba timukankha ndi manja. Msewu ndi wokwera, ndikudziwa, koma abambo inu mwadya nkhumba zinayi sabata ino. Tikabwerako, shedi ndikhoma ndi loko wanga mpaka atabwera munthu wochokera kutali, wosatidziwa, kudzatsegula timabokosi tija tonse tilipo. Akadzapeza chitsulo chili chathunthu, ndidzagwada pamaso pa a Ninong pabwalo lomwe lino.

Malemu asiya ana anayi, adzukulu asanu ndi anayi, ndi alongo awo awiri, a Conchita ndi a Pacita. M'malo mwa banja ndikuthokoza a Pilo Lagman, amene sanawasiye okha pamsewu; madalaivala anzawo akale amene anakoka galimoto; amayi a mpingo amene sanachoke pamoto masiku asanu ndi limodzi; akuluakulu amene atsogolera mwambo; ndi onse amene mwabweretsa mabulangete, mpunga ndi khofi. Ndikuthokozanso a Ninong Bestre, amene anakhoma bokosili ndi manja awo. Malo a kumbuyo kwa Kamba, kumanzere, ndakusungirani inu, ngati mungafune kukankha nafe.

Bambo, pitani mukapumule pambali pa mayi, mzimu wanu uuse mumtendere. Zenera munandilonjeza lija nditsitsa ndine. Tinay, bwera kuno, vala chipewa.