Mbuzi ya pa Tsamba Khumi

Mawa lake nduna inkabwera kudzaona kanema wa zidole wofotokoza ndondomeko ya boma pa kusintha kwa nyengo. Mkulu wa ofesi, munthu woopa nduna kuposa mphezi, anaima kumbuyo kwa mayi wojambula thukuta lili kamukamu, podziwa kuti nduna ikangokwinya nkhope, mpando wake wapita.

"Tayatsani tione," anatero mkuluyo.

Pakompyuta panabwera tianthu tikubzala mitengo. Mitengo ija inaphuka, kenako inafota n'kuyamba kugwa umodziumodzi.

"Aaa! Mayi, mitengo yanga ikuferanji?"

"Munati ndijambule zomwe zili mu lipoti, bwana. Lipoti likuti pa mitengo khumi iliyonse, isanu ndi inayi inauma."

"Lipoti ndi la m'kabati! Youmayo ichotseni."

Mayiyo anadina batani. "Ndachotsa. Watsala umodzi."

"Bola umenewo."

"Koma mbuzi ikubwera apo."

"Mbuzinso? Ichotseni!"

"Ili pa tsamba khumi, bwana."

"Kaya ili pa tsamba lanji! Mbuzi singadye mtengo nduna ikuona." Anapukuta pamphumi ndi tayi. "Nanga madzi akukokolola nyumbawa?"

"Ndi osefukira a chaka chatha aja."

"Mukufuna anthu afunse kuti ife tinali kuti? Aphwetseni."

"Onse? Ndiye chikhala chilala, bwana. Nachonso chilimo, tsamba lotsatira."

"Ayi, ayi, ayi! Madzi asaoneke, chilala chisaoneke!"

"Chabwino. Nanga tianthu tili padengati? Tinathawa madzi. Titsike?"

Mkulu uja anasuzumira. Tianthu tija tinkakupiza manja momvetsa chisoni, kena katabereka mwana. Mtima unamuwawa ndithu, koma mpando ndi mpando.

"Tikatsika tiyamba kufunsa mafunso. Tichotseni."

"Ndi mwana yemwe?"

"Mayi, musandiyese!"

Mayiyo anadinanso, n'kupinda manja. "Ndamaliza, bwana. Kanema anali wa mphindi zisanu, pano ndi wa masekondi atatu."

"Mwatsala chiyani?"

"Mtengo uja unagwa pamene ndimachotsa madzi. Mwatsala mawu awiri okha akumapeto: 'Tikuchitapo kanthu.'"

Mkuluyo anayang'anitsitsa mawu aja ali okhaokha poyera mbee. Nkhope yake inayamba kumasuka, mpaka anaomba m'manja.

"Mayi, miyezi yonseyi mumangozungulira, lero ndiye mwaijambula ndondomeko yathu yonse! Mawuwo muwavinitse pang'ono."