Mwana Wanga Ali M'menemo

Moni abale ndi alongo nonse amene mumatsata tsamba langali. Mwazolowera kuona zithunzi za mafoni osweka amene ndawadzutsa, koma lero ndabwera ndi umboni. Ndikufuna ndikuuzeni za sabata imene ndinatsala pang'ono kupha kachiwiri munthu amene anamwalira kale, ndi mmene Mulungu anandigwirira dzanja ndisanamalize kulakwako.

Kwa amene simundidziwa, ndine Felista, ndipo ndili ndi kabenchi pa Nkando, pafupi ndi poima maminibasi. Ndimakonza mafoni, ndimaika nyimbo m'mamemore khadi, komanso ndimafulasha timabokosi ta TV tija toonera makanema a pa intaneti. Kufulasha ndiko kuchotsa pulogalamu imene kabokosi kanabwera nayo n'kuikamo ina imene akatswiri anaisintha, kuti kaziyenda mopepuka ndi kutsegula zinthu zambiri. Ntchitoyi ndinaiphunzira ndekha, amuna akundiseka, ndipo chifukwa cha kusekedwako ndinasanduka wapakamwa. Ndivomere pamaso panu kuti ndinkadzimva.

Lachiwiri lina m'mawa panabwera bambo wachikulire pa njinga, kuchokera ku Milonde. Dzina lawo ndi a Jowakimu, mmodzi mwa anthu amene anabwera kuno kuthawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika. Anamasula chitenje mosamala ngati muli mazira, n'kutulutsa kabokosi kakuda kokhala ndi rimoti yomangidwa ndi mphira.

"Mwananga, kameneka kayamba kudodoma. Chithunzi chimaima pakati, mawu n'kumapita okha. Akuti inu mumatsuka."

"Timafulasha, agogo. Mubwere Lachinayi."

Atandipatsa, dzanja lawo linachedwa kuchoka pa kabokosiko. "Koma musamale," anatero. "Mwana wanga ali m'menemo."

Abale, ndinaseka chamumtima. Azigogo amalankhula choncho nthawi zonse. Wina anandiuzapo kuti m'foni mwake muli abusa, pomwe akunena nambala yawo. Ndinaganiza kuti a Jowakimu akutanthauza kuti kabokosiko ndi mphatso ya mwana wawo, basi. Sindinafunse. Ndinangoyankha mwanthabwala kuti, "Osadandaula agogo, atulukamo wonenepa." Anamwetulira pang'ono n'kukwera njinga yawo.

Dzina lolembedwa pamwamba pa kabokosiko ndinkalidziwa, ndipo ta dzina limenelo ndinali nditafulashapo tambiri. Ndinatenga fayilo imene ndinali nayo kale mu laputopu, ndinaiika pa memore khadi, n'kulumikiza zonse ku TV yanga yoyesera, kwinaku ndikucheza ndi mayi wogulitsa nthochi pambali panga. Mzere wosonyeza kuti pulogalamu ikulowa unayenda mpaka pakati, kenako TV inachita mdima. Pa kabokosi panangotsala kagetsi kofiira. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinasintha chingwe, ndinasintha khadi. Kagetsi kofiira komweko.

Ngakhale apo sindinade nkhawa kwenikweni. Lachitatu ndinayesanso kangapo, zitakanika ndinati palibe kanthu, ndiwapatsa kena katsopano kamene ndinali nako pa shelefu, nkhani ithe, ndipo mwina andithokoze n'kuthokoza.

Lachinayi a Jowakimu anabwera ndi akazi awo, mayi Rozina, atawakweza pa kaliyala. Ndinawalandira ndi nkhope yowala, n'kuwaikira kabokosi katsopano patebulo. Ndinati kakale kaja katopa, ndiye ndawasinthira kabwino kuposa apo, ulere. Palibe amene anakakhudza. Mayi Rozina anakhala pansi pa benchi pang'onopang'ono n'kundifunsa kuti, "Nanga Manuwele mwamusamutsira m'katsopanoka?"

Apo m'pamene ndinamva nkhani imene ndikanaimva Lachiwiri ndikanangofunsa. Manuwele anali mwana wawo wamwamuna yekhayo, ndipo ankagwira ntchito ku Joni. Ulendo womaliza umene anabwera kumudzi anabweretsa kabokosiko, n'kuikamo kanema amene anadzijambula ndi foni yake, akuwapatsa moni ndi kuwaonetsa chipinda chimene ankagona, kuti akamusowa azimuona pa TV. Atabwerera anadwala n'kumwalira. Anzake anamuika komweko. Foni yake sinabwere, zovala zake sizinabwere. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, makolo awiriwa ankayatsa kabokosiko n'kucheza naye.

"Manda a makolo athu tinawasiya kutsidya pothawa," anatero a Jowakimu, akuyang'ana pansi. "A uyunso sitiwadziwa. Tili ndi kameneka basi."

Bodza linabwera lokha pamilomo, loti kabokosi kakadali kutsitsa pulogalamu, koma linakana kutuluka. Ndinawauza zoona: ndaikamo fayilo imene yakapha, sikakuyaka, ndipo sindikudziwa ngati kanemayo akadalimo. Ndinayembekezera kuti andilalatira, ndipo zikanandipepukira. Mayi Rozina anangondiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Abambowa anandiuza kuti mwati atuluka wonenepa. Ndinaseka tsiku lonse." Anati abweranso mawa cha m'ma thuu koloko, n'kunyamuka. Kabokosi katsopano kaja kanatsala patebulo.

Tsiku limenelo sindinagwirenso foni ya munthu. Ndinafunsa m'gulu lathu la okonza zinthu, ndipo onse anayankha zofanana: kafa ako chemwali, ukafulashe ndi chingwe, ufufute zonse, kadzuka. Palibe amene anali ndi njira yodzutsira kabokosi popanda kutaya zili m'kati. Chakudya chinakana kulowa. Paliponse ndikamayang'ana ndinkamva mawu anga omwe aja, atulukamo wonenepa, ndipo ndinadzida.

Lachisanu m'mawa ndisanatuluke m'nyumba ndinagwada pafupi ndi bedi. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, mbiri yanga iwonongeke ngati mukufuna, benchi itsekedwe ngati n'koyenera, koma anthu aja musawalange chifukwa cha makutu anga ogontha. Ndili chigwadire m'mutu mwanga munabwera dzina limodzi, Che Saidi, ndipo ndinatsala pang'ono kuwauza Ambuye kuti asankhe wina.

Che Saidi ndi bambo wachisilamu amene wakhala akukonza mawailesi ndi matochi pakhonde la sitolo ina kumunsi kwa msika kuyambira ine ndisanabadwe. Tsiku lina munthu atandibweretsera wailesi ndinayankha mokweza kuti zinthu za nthawi ya atsamunda azipita nazo kwa Che Saidi, kuno timakonza za masiku ano. Anthu anaseka. Iwo ankadutsa kumbuyo kwanga, ndipo kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wa pamphumi. Ndiye taganizani, ine kunyamula laputopu ndi kabokosi kakufa, kutsetsereka msika wonse anthu akuona.

Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Za mawu anga akale sanatchule. Anangofunsa kuti, "Munakatsegula?" Ndinati ayi, dzina lili pamwamba. Anapukusa mutu, n'kuchotsa timphira ta pansi, kumasula tizitsulo tinayi, ndi kutulutsa kabolodi kobiriwira. Anakayang'ana ndi galasi lawo lokuzira zinthu, n'kundiwerengera nambala yolembedwa m'mbali. Sinali nambala ya timabokosi timene ndinazolowera. Chikuto chinali chimodzimodzi, dzina limodzimodzi, koma m'kati munali chinthu china. Ndinali nditamwetsa wodwala mankhwala a munthu wina.

"Dzina la pachikuto amalemba ndi ogulitsa, chemwali," anatero. "Wailesi timaifunsa m'mimba."

Za mafayilo sankazidziwa, koma manja awo ankadziwa zimene anga sankadziwa. Anandionetsa kabatani kobisika m'kati mwa kabowo kolowetsa chingwe cha mawu, n'kuthyola kamtengo patsache kuti tizikadinira. Pankafunika chingwe cha mitu iwiri yofanana cholumikizira kabokosi ku laputopu, chimene pa Nkando ponse panalibe. Anadula zingwe ziwiri zakale n'kuziwotcherera, waya ndi waya, mosafulumira mpaka ine kumangoponda pansi. Titadina kabatani n'kulumikiza, laputopu inalira kamodzi kusonyeza kuti yakaona. Kabokosiko kanali kasanafe kotheratu.

Ndinasakasaka fayilo ya nambala ya pabolodi ija mpaka ndinaipeza, koma netiweki inali yokwawa. Pomwe inkamaliza kutsika, dzuwa linali pamutu. Ndinaiika m'pulogalamu yofulashira, ndinalozetsa pa batani loyambira, chala chili m'mwamba. Nthawi yomweyo kumzikiti kunamveka kuitana kwa mapemphero a Lachisanu. Che Saidi anaimirira, anazula chingwe chija n'kuchiika m'thumba la mkanjo wawo.

"Pabenchi panga sipagwiridwa ntchito ine ndili kumzikiti."

"Che Saidi, chonde, ndi mphindi zisanu zokha. Anthu aja afika posachedwa."

"Amene wakusungirani kuyambira Lachiwiri salephera ola limodzi."

Anavala kachipewa kawo n'kumapita. Abale, ndinapsa mtima moti akanakhala pafupi ndikanachimwanso ndi pakamwa. Ndinakhala pa kampando kawo, manja opanda chochita, ndikuyang'ana laputopu ndi misozi yaukali. Ndinkang'ung'udza kwa Mulungu kuti mwandifikitsa pakhomo n'kunditsekera. Poti panalibe china choyang'ana, maso anga anayamba kuwerenga timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi tili pakona, timene ndakhala ndikutidutsa zaka zonsezi. Pa pulogalamuyo panali kamalo kochongedwa kale, ndipo mawu a pambali pake ankatanthauza kuti fufuta zonse zili m'kati usanayambe. Pulogalamuyo imabwera itachonga yokha, chifukwa wofulasha aliyense amafuna poyera. Ndinali nditauzidwa dzulo lake kuti njira ya chingwe imafufuta, koma m'changu changa ndinaiwaliratu. Ndikanadina batani lija, kabokosi kakanadzuka bwinobwino, Manuwele atapita.

Ndinadina pa chizindikiro chochongedwacho kuti chichoke. Nditachichotsa ndinagwira pakamwa n'kulira, anthu ogula mabatire akundidabwa. Komabe mtima sunakhale pansi. Mwina fayilo yolakwika ija inali itadya kale kanemayo, ndipo mwina popanda kufufuta kabokosi kakanakana kudzuka.

Che Saidi pobwera anafika limodzi ndi a Jowakimu ndi mayi Rozina, amene anthu anawalozera kumene ndinali atandisowa pabenchi panga. Mayiwo ataona kabokosi kali kotsegula, matumbo ali panja, anagwira mkono wa amuna awo. Che Saidi anadina kabatani ndi kamtengo ka tsache, ine ndinalumikiza chingwe n'kuyambitsa. Mzere unayenda, unaima nthawi yaitali chapakati pomwe unafera poyamba. Kenako unasuntha, unafika kumapeto, unasanduka wobiriwira.

Tinalumikiza ku ka TV ka Che Saidi. Kagetsi kofiira kanasanduka kabuluu, chithunzi chinabwera. Ndinalowa mosungira makanema, ndipo munali mopanda kanthu. Ndinamva mayi Rozina akukoka mpweya kumbuyo kwanga. Ndinabwerera, ndinalowa mosungira zotsitsidwa, mopanda kanthu. Ndinatsegula malo achitatu, ndipo munali fayilo imodzi yokha. Ndinaidina.

Panaoneka bambo wachinyamata wovala chipewa cha kuntchito, akuseka, foni ikugwedezeka m'manja mwake, n'kuyamba ndi moni wa chinenero cha kwawo. "Moseliwa, apapa? Amama, mwadzuka bwanji kumeneko?"

"Tadzuka, mwananga," anayankha mayi Rozina, ngati ali naye pakhonde. "Tinakusowa."

Anthu anali ataunjikana kumbuyo kwathu. A Jowakimu anavula chipewa chawo, anatembenukira kwa ine n'kunena mopanda mkwiyo uliwonse kuti, "Ndinakuuzani kuti alimo."

Ndisanalole aliyense kukhudza kanthu, ndinakopera kanemayo pa mamemore khadi atatu. Imodzi ili kwa mayi Rozina, ina kwa mlongo wake wa Manuwele, ina Che Saidi anaitsekera m'chitini chawo cha tizitsulo. Ndinawapepesa Che Saidi pamalo omwewo, mokweza ngati mmene ndinawanyozera. Anangoti ndikagule tsache lina chifukwa lawo lathothoka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wodzikuza. Ndinamupempha kuti anditsegulire njira, ndipo Iye anayankha pondilanda chingwe m'manja. Ndikuthokoza Che Saidi, amene timapemphera kosiyana koma anatumidwa kwa ine, ndiponso makolo aja amene anali ndi chifukwa chonse chonditemberera koma sanatero.

Iwe amene ukuwerenga uli pakati pa vuto, makamaka vuto lodzipangira wekha ngati langali, usataye mtima ndipo usaname. Gwada, nena zoona, pita kumene ukutumidwa ngakhale kukhale kochititsa manyazi. Ndipo zikaima pomwe iwe ukufuna zithamange, usafulumire kunena kuti Mulungu wakuiwala. Ine ola limene ndinalikwiyira kwambiri ndi limene linapulumutsa mwana wa anthu.

Masiku ano aliyense akandibweretsera chinthu, kaya foni yosweka kaya kabokosi, sindiyamba ndi kuyang'ana dzina la pamwamba. Ndimamukhazika pansi n'kumufunsa kuti, muli ndani m'menemu?