Mulungu Anaika Redi Pachulu

Abusa athu, akulu a mpingo, ndi inu nonse abale anga, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Sindinaimirire kuti ndiyimbe ayi, mukudziwa kale kuti mawu anga amathawitsa nkhuku. Ndikufuna kuchitira umboni za amuna anga, bambo a Rosa.

Ambiri mukukumbukira m'mene anagwera ndi mota, njinga yamoto ija, pamsewu wa ku Furancungo nthawi ya mvula ija. Mwendo unathyoka pamwamba pa bondo. Kuchipatala anaumanga, fupa linalumikizana, ndipo enfermeru, namwino uja, anandiuza eniakewo akumva kuti, "Mayi, bambowa aziyenda ndi ndodozi tsiku lililonse. Akangogona, bondo liuma, ndipo likauma silipindikanso."

Abale, anagona. Munthu amene ankazungulira Chidzolomondo yense pamota, anangogona n'kuyang'ana kukhoma. Ndodo zija anaziponya kuseri kwa chitseko. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, pakamwa panga mukupadziwa, mpaka ndinalira. Yankho linali limodzi: "Ndiyende kupita kuti?" Bondo lija ndikaligwira ndinkalimva likulimba. Ndinachita mantha, abale, ndinachita mantha kwambiri.

Kenako alamu anga anawabweretsera telefoni yokhala ndi masewera a shadrezi, amene bambo a Rosa anaphunzira kale ali ku eskola. Ndi masewera a timfumu, tiakavalo ndi tiasilikali, ndipo umasewera ndi munthu amene ali kutali, mwina kutsidya kwa nyanja, osamuona nkhope. Aliyense amapatsidwa mphindi zitatu zokha, nthawi yako ikatha wagonja. Amayi a kwaya ndakuonani mukugwirana zigongono. Si njuga ayi, ndinafufuza ndekha.

Tsono m'nyumba mwathu redi, netiweki ya telefoni ija, imangosuzumira n'kuthawa. Ikathawa, nthawi yako imapitirira kutha. Bambowa ankati atamupanikiza mnzawo, redi n'kuduka, iwo n'kugonja. Anakwiya mpaka kumenya mphasa, ndipo ine mumtima ndinasangalala, chifukwa munthu wokwiya ndiye kuti adakali ndi moyo. Nonse mukudziwa pomwe redi imagwira kwathu kuja: pachulu cha kumtunda kwa munda wathu wa fodya, pomwe timakaimbira abale a ku Malawi. Anandiitana n'kunena kuti, "Mayi a Rosa, bwerekani njinga mundikankhe mpaka pachulu." Ine ndinati, "Bambo, msana ndili nawo umodzi, ndipo ukudikira fodya. Ndodo zanu zili kuseri kwa chitseko."

Anandiyang'ana moipa, koma anazitenga. Tsiku loyamba anathera pachigafa, thukuta lili kamukamu. Mawa lake anapitirirako pang'ono. Tsiku lomwe anafika pachulu ndinawatsatira ndi mpando, ndipo kuyambira pamenepo ndimakhala nawo ndikamaliza ntchito.

Abale, amuna anga amasewera mokoma. Ine masewerawa ndimangowamva pang'ono, koma munthu wodziwa chinthu amaoneka. Chala chawo sichinjenjemera. Mnzawo akamaganiza, iwo amakhala ataganiza kale yankho, ndiye akangosuntha uja, awa ayankha nthawi yomweyo. Anazolowera choncho poopa kuti redi iwathawa. Amati n'chimodzimodzi mota m'matope, suyang'ana tayala, umayang'ana kutsogolo komwe ukupita. Ndipo saumira. Amapereka kavalo dala, ine n'kufuula kuti mwataya, iwo n'kuti, "Dikirani, ndatsegula chitseko." Posakhalitsa mfumu ya mnzawo ilibe kothawira. Nthawi ikatsala pang'ono, pomwe ena amasokonezeka n'kumangotaya zinthu, m'pomwe iwo amakhazikika mtima, mpaka kumaimba kanyimbo ka kwaya chapansipansi.

Koma chimene chinandigwetsa misozi ndi ichi. Tsiku lina chala chinaterereka pagalasi, mfumukazi yawo, imene ili yamphamvu kuposa zonse, n'kudyedwa. Ndinati basi, zimitsani, tikadye. Iwo anapitiriza kusewera. Anatenga kamsilikali kamodzi, kaja kamayenda phazi limodzi limodzi, n'kumakakankha. Mnzawo akuthamangitsa zazikulu, iwo akukateteza, akukakankha. Kanafika kumapeto, ndipo lamulo lake n'lakuti kakafika kumeneko kamasanduka mfumukazi. Anapambana nthawi itatsala pang'onong'ono kutha.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga bwanji simunagonje, chachikulu chitapita?" Anati, "Chinapita ndi chimodzi. Zinazi zinali zikuyendabe." Atatero anayang'ana mwendo wawo. Ine ndinatembenukira kufodya kuti asaone nkhope yanga. Potsika tsiku limenelo, ndodo imodzi ananyamulitsa ine.

Ndinkapempha Mulungu kuti awachiritse pamphasa pomwepo. Ndinkadandaulanso kuti kwathu redi n'njovuta. Koma redi ikanakhala yogwira m'nyumba, abale, lero bondo lija likanakhala mtengo. Mulungu anaiika pachulu, kutali kokwanira kuti munthu ayende.

Zikomo Ambuye. Zikomo inu amene munkabwera kudzapemphera nawo ngakhale ankakufulatirani. Mwezi watha enfermeru analipinda bondo lija n'kuseka. Ndipo m'mawa uno sindinabwereke njinga ya munthu. Tayang'anani kumbuyoko, pafupi ndi chitseko. Bambo a Rosa, musabisale, taimirirani akuoneni. Abwera wapansi kuchokera kunyumba, ndipo nthawi yogwada ija agwada nanu limodzi.

Kondwerani nane, abale anga. Amayi a kwaya, yambitsani nyimbo, ine ndingovina.