Ng'oma za ku Alabama Ndinaziyesa Mfuti

Abusa, amayi busa, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Lero sindikhala pansi ayi, ndikufuna kuchitira umboni.

Mwana wanga Yamikani anam'menya pa siteji ya basi konkuno ku Belgrave, masanasana, anthu akuona. Anyamata anamugwetsa, kumuponda kumutu, kumuthyola nsagwada ndi chitsulo. Ine ndine nesi, mabala ndimatsuka tsiku ndi tsiku, koma magazi a mwana wanga, abale, ndinakuwa ngati wamisala. Atachira ndinam'peza ndi mpeni m'sokosi. Akuti, "Mami, ndikawapeza ndiwabaya." Ndinati uyu aphedwa, apo ayi apha munthu.

Achimwene anga a ku Alabama anati, "Achemwali, m'tumizeni kuno. Kuli koleji imene anthu akuda anadziyambira kale, azungu akuwakaniza sukulu. Tauni yonse timadyera pomwepo: ometa, alandilodi, madalaivala, ine ndi nkhuku zanga zowotcha. Azikaphunzira, azindithandizanso." Anapitadi.

Loweruka lina ndili pa shifiti, foni ya achimwene. Akukuwa, kumbuyo kukumveka phuu! phuu! phuu! Anthu akufuula. Ndinangogwira mawu awiri: "Yamikani... homecoming!" Foni n'kuduka.

Inu mukudziwa, homecoming m'Chizungu ndi kubwerera kwanu. Ife kunja kuno tikamva kuti wakuti akubwerera kwawo mwadzidzidzi, ndiye kuti ali m'bokosi. Ndinadzigwetsa mu wodi momwemo, kumenyetsa mutu kukhoma, kung'amba yunifolomu, anzanga anachita kundipanikiza pansi. Mulungu ndinam'lalatira, abusa, ndinam'lalatira: "Ndinam'thawitsa mpeni kuti mukam'pereke ku mfuti?"

Kenaka anaimbanso, pa vidiyo. Abale, homecoming ija ndi chikondwerero! Ophunzira akale amabwerera kukoleji, mahotela kudzaza, ogulitsa osapuma. Mfuti zanga zija zinali ng'oma za bandi ya ophunzira. Achimwene amafuna andiuze kuti nkhuku zatha, Yamikani wagulitsa zonse. Ndinamuona, epuloni ili mafuta okhaokha, mano panja. Akuti, "Mami, mukulira chani? Makasitomala akudikira soseji."

Ndinalira, ndinalira, kenaka ndinaseka.

Zikomo Yesu. Chotupa chili pamphumichi musachimvere chisoni, ndinadzimenya ndekha. Mwana wanga ali moyo, ndipo sanaphe mwana wa munthu. Amayi inu, nthungululu mwazisiya kuti? Imirirani, ndithandizeni kukondwa!