Mlatho Uyende Kasanu Basi

Kwa zaka makumi awiri Douwe Tolsma wakhala akutukula ndi kutsitsa mlatho wapangalande kuti maboti azidutsa, koma lero mtima unali m'mwamba. Khonsolo inali pakalikiliki wochepetsa ngongole, ndipo kalata yomuchotsa ntchito imayenera kufika m'manja mwake isanakwane faifi koloko, apo ayi kontirakiti yake ipitirira chaka china. Kutatsala mphindi khumi, anaona Ruurd Feenstra, kalaliki wa khonsolo, akutsika panjinga tsidya linalo, mlatho uli chiimire m'mwamba.

"Bambo Tolsma! Tatsitsani mlathowu, ndili ndi kalata yanu!"

"Sindingathe, bwana!" anakuwa Douwe ali pawindo la kanyumba kake. "Lamulo latsopano likuti uziyenda kasanu patsiku, tisamawononge magetsi."

"Eya, ndinalemba ndine. Unkayenda kakhumi, ife tinadula pakati."

"Ndiye tawerengani. Kukwera, kutsika, kukwera, kutsika..."

Feenstra anapinda zala chimodzichimodzi. "Kukwera."

"Basitu. Wakwera."

"Nanga masiku onsewa umatsika bwanji?"

"Ndinkaba kamodzi, anthu awoloke. Lero ndalapa."

Feenstra anatulutsa cholembera. "Mwaba kangati? Ndilembe."

"Aaa, zisiyeni izo. Ingoponyani kalatayo."

"Iyayi! Ikuyenera kuchoka m'dzanja langa kulowa m'dzanja lanu."

Douwe ankadziwa bwino zimenezo, nkhalamba yochenjera ija. Anatenga ndodo yake yachingwe, ija amalendewetsera nsapato yamtengo kuti eni maboti aziponyamo ndalama, n'kuigwedeza pamwamba pa madzi.

"Ikani umu. Mayuro awiri."

"Imeneyo ndi ya maboti."

"Ndiye khalani boti."

"Ine si boti, Bambo Tolsma. Ndine wa ofesi ya zachuma."

"Chabwino, zungulirani pa mlatho wa kutchalitchi."

"Tinautseka chaka chatha."

"Kwerani pantoni yowolotsa anthu."

"Tinagulitsa."

"Ogo! Sambirani."

Feenstra anasuzumira m'madzi, nkhope ili gwa, ngati akuganizadi. "Kalata inganyowe. Ndiponso sindidziwa kusambira. Dziwe lophunzirira lija..."

"Munatseka."

"Tinapulumutsa ndalama zambiri."

Mvula inayamba kuwaza. Kumbuyo kwa Feenstra njinga zinali zitandanda, mabelu ali ngilingili, mayi wina atanyamula tchizi ndi buledi akutukwana boma lonse kuyambira kumwamba mpaka pansi. Feenstra anabisa kalata m'jekete, madzi akuyenderera pamagalasi, osasuntha. Apa Douwe manyazi anamugwira. Ena mwa anthuwo anali oti amamwa nawo khofi, ndipo iye sanazolowere kuzunza anthu chifukwa cha mimba yake. Anayang'ana wotchi ya patchalitchi: kunatsala mphindi zitatu. Anapumira m'mwamba.

"Basi, mwawina. Ndikutsitsa. Bwerani mundichotse."

Anaika chala pabatani.

"Imani!" Feenstra anakweza manja onse awiri. "Mukutani?"

"Ndikutsitsa mlatho, si umenewu mukufuna?"

"Kachisikisi?"

"Inde, kachisikisi."

"Pamaso panga? Ayi, ayi, ayi! Ndani alipire magetsiwo?"

"Ndi masenti makumi atatu okha, bwana!"

"Makumi atatu ndi asanu ndi awiri."

"Ndilipira ine! Nawa m'thumbamu!"

"Khonsolo silandira ndalama popanda fomu."

"Fomuyo ili kuti?"

"Tinasiya kusindikiza. Mapepala adula."

"Abale inu!" Douwe anagwira mutu. "Bambo Feenstra, ndimvereni bwino. Mukapanda kundipatsa kalatayo, mundilipira chaka chathunthu. Chaka! Mukumva?"

"Malipiro anu ndi nkhani ya ofesi ina. Ine yanga ndi magetsi."

"Tsitsa mlathowo, Douwe!" anakuwa mayi wa tchizi uja. "Ana akundidikira!"

"Chala chichoke pabatanipo!" anatero Feenstra. "Dziko lino lamira m'ngongole chifukwa cha anthu ngati inu, ongodina mabatani mwachisawawa!"

Douwe anachotsa chala pang'onopang'ono, n'kuika manja kumbuyo ngati mwana wasukulu. Belu la tchalitchi linalira kasanu, ndipo iye anawerenga kulira kulikonse mokweza, chimwemwe chitadzaza tsaya. Ntchito inali yake mpaka chaka chamawa.

Tsidya linalo Feenstra anatulutsa kalata ija itanyowa kale, naiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Kenako anatsegula kabuku kake, kulemba mosamala, n'kutembenukira khamu la njinga lija monyadira.

"Musadandaule, anthuni. Mwaona nokha: lero boma lapulumutsa masenti makumi atatu ndi asanu ndi awiri."