Batire la Mfuti ya Anyani Linanditenthera Nkhokwe

Moni aulutsi ndi omvera anzanga. Ndine mayi wa ku Chinyunyu, ndipo ndikulemba kuti ndikuuzeni zomwe zinandigwera.

Mwana wanga wamkulu, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anandibweretsera mfuti yoseweretsa yoponya timikanda ta pulasitiki, kuti ndiziopsezera anyani kudimba. Imayendera batire laling'ono ngati sopo, koma lamphamvu kwambiri.

Mwezi watha batirelo linafooka, n'kutupa pang'ono. Ine ndinachita zomwe takhala tikuchita ndi mabatire a wailesi kuyambira kale. Ndinaligogoda ndi mwala, n'kuliyanika padzuwa padenga la nkhokwe.

Ndisanathe kutsuka mbale, ndinamva phuu! Aneba anakuwa kuti, "Amake mwana, nkhokwe ikupsa!" Tinathira madzi, koma batirelo linkangolavula moto ngati chinthu chamoyo. Chimanga cha chaka chonse, abale! Tinapulumutsa madengu atatu okha.

Nditamuimbira foni, mwana wanga anati, "Amayi, mwaligogoda? Limenelo likatupa ndiye kuti laopsa!"

Ndinati, "Nanga iwe unandiuza?"

Anangoyamba kulira.

Ndikuthokoza Mulungu kuti mdzukulu wanga wakhanda, amene timamugoneka pamthunzi wa nkhokweyo, tsikulo anali kumsana kwa amake. Azimayi a kutchalitchi atibweretsera ufa, Ambuye awadalitse.

Anzanga, batire la masiku ano si la wailesi. Likatupa musaligogode, musaliyanike. Ine anyani ndabwerera kuwathamangitsa ndi chitini changa chakale. Chimenecho sichinatenthepo nkhokwe ya munthu.