Mabotolo a Dokotala Sailesi

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1936, m'komboni ya mgodi kufupi ndi Kadoma. Dzina lawo ndi a Obadiah Sailesi. Bambo athu anachokera ku Dedza wapansi, kudzera ku Tete. Ine wowerengane ndine Zebedee, mng'ono wawo, woyendetsa malole.

Sukulu anayamba mu 1944, kumishoni. Anali mwana wochedwa panjira. Msomali wadzimbiri unkawaimitsa. Nthochi akasenda samadya, ankangoiyang'ana mpaka ide. Amayi ankati thupi lili pano, mwiniwake ali kwina.

Mu 1959 anapita ku Mangalande pa sitima ya pamadzi. Makalata awo ankanena za chifunga, ndi nyali zoyaka masana. Mu 1966 anabwera ndi udokotala wa kemisitiri. Osati wa jakisoni. Ambiri muno munabwera ndi chifuwa, munabwerera ndi tiyi.

Funso lawo linali limodzi moyo wonse. N'chifukwa chiyani zinthu zimakalamba? Mafuta ophikira, chitsulo, thupi la munthu. Ankati muli tizidutswa tosaoneka, tosowa mnzake. Timangoyendayenda, kulanda kwa ena, olandidwawo nawonso n'kukalanda kwina. Ine ankandiseka kuti ndine kamodzi ka timeneto, poti sindigona kawiri tawuni imodzi. Zoziziritsa tizidutswato, zimene anzawo amati maantiokisidanti, iwo ankazitcha ankhoswe. Zimalowa pakati, mlandu n'kutha.

Pa 6 Epulo 1968 anamanga banja ndi mayi Marjory, aphunzitsi. Ntchito anapeza ku fakitale ya mafuta. Opima anali iwo, wosayina anali mzungu. Sanadandaule pagulu. Mu 1977 anasamukira kuno ku Zengeza 2.

Mu 1981 anaitanidwa ku yunivesite. Analemba mapepala a kafukufuku makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Anaphunzitsa ana a eni osawerengeka. Tsono kunayamba kubwera timakadi ta papositi. Japan, Hungary, Brazil. Akatswiri osawadziwa nkhope, kupempha kuti awatumizire zolemba zawo. Ine ndafika Beira, Kitwe, Lubumbashi. Dzina la achimwene linafika kutali kundiposa, eni ake ali pamzere wa basi pa Chikwanha.

Mu Ogasiti 1985 anatsekera mafuta a mtedza m'mabotolo makumi anayi, m'kachipinda kakuseri. Ena okhaokha. Ena osakaniza ndi ufa wa mlambe, makungwa, ndi masawu amene ndinkawabweretsera kuchokera ku Tete. Anakonza zoti anayi azitsegulidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mpaka 1990. Dzuwa la m'mawa likalowa m'menemo, khoma lonse linkasanduka uchi. Iwo ankangokhala phee pampando, ngati akumvetsera.

Anayamba kudwala chiwindi mu Janyuwale chaka chino. Anagonekedwa kawiri. Anatisiya Lachiwiri, pa 16 Ogasiti 1988, masana, kunyumba kwawo.

Anamfedwa, pali nkhani imene mwakhala mukuinong'ona. Ndiinene poyera. Amalume athu, a Gordon, atafika kuchokera ku Dedza anaona mabotolo otsala makumi awiri, mizu ili pambali. Analamula monga mwambo unenera: mankhwala a munthu amapita ndi mwini wake kumanda, kuti asavute otsala. Sanalakwe. Ndi mmene anakulira. Koma mabotolowo akanalowa m'dzenje, yankho la achimwene likanalowa nawo.

Alamu anga, mayi Marjory, sanakangane ndi akulu. Anayala mphasa pakhomo pa kachipindako n'kukhala. Masiku awiri. Pamenepo mpamene tinadziwa kuti zaka zitatu zonsezi, wolemba kutentha kwa chipindacho m'mawa uliwonse anali iwo.

Dzulo mayi Marjory anapempha amalume kuti atsegule ndi manja awo mabotolo anayi a mwezi uno. Anzawo a malemu a ku yunivesite analipo kudzatenga zopima. Loyamba, la mafuta okhaokha, amalume anabweza mutu. Linanunkha ngati sanza ya m'galaji. La masawu ananunkhiza kawiri. Anaviikamo chala, analawa. Mafuta anali akadali abwino. Kenaka anati mphwawo sankakhwima, ankalima, ndipo munda suikidwa m'manda mbewu zisanache.

Choncho banja lagwirizana. M'bokosimu muli chovala chawo choyera cha ntchito. Mabotolo khumi ndi asanu ndi limodzi atsala ndi mayi Marjory. Omaliza adzatsegula okha mu Ogasiti 1990. Obwera kudzapepesa, chonde musasunthe katani ya chipindacho.

Malemu asiya mayi Marjory, ana atatu, Elsie, Winston ndi Florida, ndi mdzukulu mmodzi. Tithokoze abusa ndi amayi a Chigwirizano, bungwe lathu la maliro, a ku yunivesite, ndi anansi a Zengeza amene mwatigwira dzanja ndi kutipepesa m'chilankhulo chanu kuti nematambudziko.

Achimwene, otsalawo ali m'manja abwino. Gonani, mzimu wanu uuse mumtendere.